Malire a Wapolisi Pofunsa Woganiziridwa Mlandu

Ana anga, tikamva za mlandu pa wailesi maganizo athu amathamangira kukhoti: woweruza ali pampando wake, loya wavala mkanjo wakuda, mboni ikulumbira. Komatu milandu yambiri imakhala itapsa kale isanafike kumeneko. Imapsera m'kachipinda ka apolisi ofufuza milandu, aja timawatchula kuti a CID, momwe mumakhala tebulo, pepala, cholembera, apolisi awiri kapena atatu, ndi munthu mmodzi yemwe wavulidwa lamba ndi nsapato pa kauntala, wagona pa simenti m'chitolokosi, ndipo sakudziwa ngati akwawo amva komwe ali. Zimene munthuyu anganene m'maola ochepa amenewo, ndi pepala limene angasayine kapena kudindapo chala, zimamutsata mpaka tsiku la chigamulo. Lero tiphunzira zimene wapolisi amaloledwa kuchita m'kachipindako ndi pamene lamulo limamuimitsa.

Ndiyamba ndi mbali ya apolisi, chifukwa sindikufuna kuti wina akanene kunyumba kuti aphunzitsi akutiphunzitsa mwano. Mbava zikathyola nyumba ya makolo anu usiku, komwe mumathamangira m'mawa ndi kupolisi. Ntchito yawo ndi yofunika, ndipo lamulo linawapatsa mphamvu zoigwirira. Wapolisi angathe kufunsa munthu aliyense amene akumuganizira kuti akudziwapo kanthu pa mlandu. Pa milandu yambiri angathe kumanga woganiziridwa popanda chikalata cha khoti, kumusecha, kumujambula ndi kutenga zidindo za zala zake. Mukayamba kulimbana naye pokumangani, amaloledwa kugwiritsa ntchito mphamvu yokwanira kukugwirani, ndipo inu mwadziwonjezera mlandu wina. Dzina lanu ndi komwe mumakhala nenani zoona, pakuti kunamiza wapolisi mwadala ndi mlandu pawokha. Kukufunsani funso limodzi kawiri kapena katatu n'kololedwa. Kukukumbutsani kuti zimene mwanena m'mawa zikusemphana ndi zimene mukunena madzulo n'kololedwanso, ndipo wofufuza waluso amagwira ntchito yake motero. Malire amayambira pamene funso lasanduka chikakamizo.

Malire amenewa ali m'Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, makamaka m'gawo 42. Lembani nambala imeneyi pamwamba pa tsamba. Anthu amene analemba gawoli anali atangotuluka kumene mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pomwe munthu ankatha kutengedwa ndi apolisi a Special Branch n'kukasungidwa ku Mikuyu kapena ku Dzeleka osaonekera pamaso pa woweruza aliyense. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kutuluka ku Mikuyu mu 1991, ndipo zaka zonsezo sanazengedwe mlandu. Mukafunsa agogo anu akuuzani mayina ena a m'dera lanu lomwe. Choncho mawu a m'gawo 42 analembedwa ndi anthu odziwa zimene zimachitika boma likakhala lokha ndi munthu kuseri kwa chitseko.

Gawoli limati munthu womangidwa auzidwe msanga chifukwa chomumangira, m'chinenero chimene akumva. Yankho lija lakuti "mukamva kutsogolo" silikwanira. Gogo wa ku Nsanje wolankhula Chisena chokha, kapena mnyamata wa ku Chitipa yemwe Chichewa chimamupita pambali, sanauzidwe kanthu ngati amuwerengera mlandu m'Chingerezi iye n'kungogwedeza mutu. Limatinso auzidwe msanga kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo achenjezedwe za zotsatira zake akasankha kulankhula, kutanthauza kuti zimene anganene zikhoza kukatulutsidwa kukhoti ngati umboni womutsutsa.

Ndikuona ena mwakwinya nkhope, ndipo funso lanu ndikulidziwa: ngati sindinalakwe, ndikhaliranji chete? Funsoli ndi lomveka, chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu akafunsa umayankha, ndipo pabwalo la mfumu munthu wongoti duu amaoneka ngati wavomera. Koma taganizani za munthu wosalakwa amene wagona m'chitolokosi koyamba. Sanadye, sanagone, mtima ukugunda. Akufunsidwa komwe anali Lachiwiri la sabata yatha nthawi ya 8 koloko usiku. Ndani mwa inu angayankhe pompano osaphonya? Iye akuti anali kunyumba, chifukwa masiku ambiri amakhaladi kunyumba, kuiwala kuti tsiku limenelo anakaonera mpira pa shopu ya kumsika. Mawa mboni ikunena kuti inamuona kumsika, ndipo munthu wosalakwa uja waoneka wabodza. Wina, chifukwa cha ulemu ndi mantha, amangoyankha kuti "eya bwana" pa chilichonse, poganiza kuti bwana akasangalala amumasula. Ufulu wokhala chete umateteza anthu oterewa. Pansi pake pali mfundo yaikulu ya malamulo a milandu: munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo udindo wobweretsa umboni ndi wa boma lomwe lamumanga. Woganiziridwa alibe udindo wothandiza boma kumanga mlandu wake womwe.

Sindikunena kuti kukhala chete ndi nzeru nthawi zonse. Ngati tsiku la mlanduwo munali m'chipatala cha Mzuzu ndipo chiphaso chilipo, kunena msanga kungakutulutseni msanga. Chimene lamulo lakupatsani ndi mpata wosankha nokha nthawi yolankhula, mutaganiza bwino ndipo mutalandira uphungu. Ndipo mpatawu umagwiritsidwa ntchito mwaulemu, popanda kukweza mawu: "Bwana, dzina langa ndi lakutilakuti, ndimakhala kwakutikwakuti. Za mlanduwu ndiyankha ndikaonana ndi loya, apo ayi ndikayankha kukhoti."

Amene mumaonera mafilimu a ku America mwamvapo wapolisi akulakatula chenjezo lotere akumanga munthu unyolo. Linachokera pa mlandu wa Ernesto Miranda, yemwe anamangidwa mu mzinda wa Phoenix mu 1963 n'kuvomera mlandu atafunsidwa kwa maola awiri, osauzidwa kuti angathe kukhala chete kapena kuitana loya. Mu 1966 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linafafaniza chigamulo chake. Chimene mafilimu sanena n'chakuti Miranda anazengedwanso mlandu womwewo mu 1967 popanda chivomerezo chija, ndipo anapezeka wolakwa ndi umboni wina. Izi zikusonyeza kuti boma likhoza kupambana mlandu osafinya pakamwa pa munthu. Chenjezo la apolisi athu silinachokere ku America. Tinalitengera ku malangizo amene oweruza a ku England anapereka kwa apolisi awo mu 1912 n'kuwakonzanso mu 1964, ndipo ndi chifukwa chake sitetimenti ya woganiziridwa imayamba ndi mawu omuchenjeza asananene kalikonse.

Pa sitetimentiyi ndichedwapo, chifukwa anthu ambiri amagwera pomwepa popanda kumenyedwa n'komwe. Amene amalemba ndi wapolisi, inu mukulankhula. Kulemba sikuthamanga ngati pakamwa, ndiye iye amafupikitsa, amasankha mawu ake, nthawi zina akumva m'Chichewa n'kumalemba m'Chingerezi. Inu mwanena kuti, "Njingayo ndinaitenga chifukwa mwiniwake anandibwereka, ndimati ndibweza mawa." Pa pepala pakhoza kutsala mawu akuti munaitenga njingayo, zobwerekazo zitasowa. Mukasayina pansi pake, mwavomereza kuti zonse zolembedwazo ndi mawu anu. Choncho werengani nokha mzere uliwonse. Ngati simutha kuwerenga chinenero chomwe alembacho, pemphani kuti akuwerengereni m'chinenero chanu, ndipo ndi bwino pakhale munthu wanu woti amve nawo. Pamene palakwika nenani kuti akonze. Pepala lopanda kanthu, loti akuti adzalemba bwino nthawi ina, musasayine ngakhale atakulonjezani kuti mukangotero mupita kwanu. Makolo athu ambiri kumudzi amadinda chala mosavuta, poganiza kuti ndi mwambo wa ku ofesi basi. Mukawauze kuti kukhoti chala chimalemera chimodzimodzi ndi siginecha.

Gawo 42 limapatsanso womangidwa ufulu wokambirana ndi loya wodzisankhira yekha, mwachinsinsi, wapolisi asakumvetsera, ndipo apolisi ayenera kumuuza za ufuluwu msanga. Pamene chilungamo chikufuna kutero, boma liyenera kumupatsa loya. Ntchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la Legal Aid Bureau, lomwe linayamba kugwira ntchito palokha mu 2015. Tonse tikudziwa kuti maloya ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ndi chifukwa chake kuyambira mu 2000 kuno kwathu kuli alangizi a zamalamulo omwe si maloya, amene lero ali pansi pa bungwe la PASI, oyendera ndende, makhoti ndi mapolisi n'kumafotokozera anthu za milandu yawo. Womangidwa alinso ndi ufulu wolumikizana ndi mkazi kapena mwamuna wake, achibale, mtsogoleri wa chipembedzo chake ndi dokotala, komanso woyenderedwa ndi anthu amenewa. Ufulu wa kuyenderedwawu musaupeputse. Munthu amene achibale ake amuona Lolemba ali bwinobwino, savuta kumufunsira Lachiwiri akapezeka atatupa nkhope.

Tsopano tiwerengere maola. Lamulo likuti womangidwa apititsidwe kukhoti msanga momwe zingathekere, ndipo pasadutse maola 48. Ngati maolawo athera pa nthawi imene khoti silikugwira ntchito, apite tsiku loyamba limene khoti latsegula. Kukhotiko auzidwe mlandu wake kapena chifukwa chopitirizira kumusunga, ndipo zikalephereka zimenezi amasulidwe. Womangidwa Lolemba 10 koloko m'mawa ayenera kukhala ataonekera kukhoti pofika Lachitatu 10 koloko. Womangidwa Lachisanu madzulo maola ake amathera Lamlungu, ndiye amapita Lolemba. Mwaona tsopano chifukwa chake anthu amaopa kumangidwa Lachisanu, makamaka Lolemba lake likakhala la tchuthi. Maola 48 amenewa ndiwo malire otalikitsa, osati nthawi yoti apolisi ayambe adikira kuti ithe. Cholinga chake n'chakuti munthu asakhalitse m'manja mwa anthu omwe akumufufuza popanda wina wapadera womuona ndi maso n'kumufunsa ngati ali bwino. Mawu akuti "tikadafufuzabe" sawonjezera ola ngakhale limodzi. Amene angalole kuti munthu asungidwebe ndi khoti lokha.

Za belo ndingonena mwachidule. Pa milandu ing'onoing'ono apolisi eniake angathe kupereka belo, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Wokuuzani kuti mulipire kenakake kuti m'bale wanu atuluke akukupemphani chiphuphu. Pa milandu ngati kupha munthu belo imachokera ku Bwalo Lalikulu. Ndipo kuyambira mu 2010 lamulo linaika malire a masiku osunga munthu pa limandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza, ndipo khoti lingathe kuwonjezera masiku osapitirira 30.

Tafika pa mtima wa phunziroli. Gawo 42 likuti womangidwa asakakamizidwe kuvomera mlandu kapena kunena mawu amene angakagwiritsidwe ntchito pomutsutsa. Gawo 19 likuletsa kuzunza munthu mwa njira iliyonse, kumuchitira nkhanza kapena kumuchotsera ulemu wake. Chiletso chimenechi sichichotsedwa ngakhale dziko litakhala pa nkhondo kapena pa chipwirikiti. Palibe mlandu waukulu woti n'kuchichotsa, palibenso bwana wamkulu woti n'kulamula kuti chiphwanyidwe. Tikamati kukakamiza, ambiri mumaganiza za mbama, chibonga, kapena kumenya ndi chikwanje cham'mbali kumsana ndi kumapazi. Zimenezo ndi zoonekeratu. Koma kumana munthu chakudya, madzi kapena tulo kuti afooke ndi kukakamizanso. Kumukaniza mankhwala ake a shuga kapena ma ARV mpaka atavomera ndi nkhanza. Kumuopseza kuti akapanda kuulula akatenga mayi ake kapena mkazi wake n'kuwatsekera ndi kukakamiza, ndipo mchitidwe wotsekera m'bale kuti wothawa abwere yekha ulibe lamulo loulola, pakuti mlandu ndi wa amene waupalamula. Palinso chikakamizo chofewa, chobwera ndi kumwetulira: "Ingovomera mphwanga, tikuthandiza, ukalandira chilango chochepa." Dziwani kuti wapolisi alibe mphamvu pa chilango. Chilango amapereka ndi woweruza, yemwe sanalipo pamene lonjezolo limaperekedwa ndipo silimumanga.

Chifukwa choyamba choletsera zonsezi ndi umunthu. Koma pali chifukwa chachiwiri chimene ngakhale munthu wouma mtima ayenera kuchimva: chivomerezo chofinyidwa sichipeza wolakwa. Makolo athu akale ankamwetsa mwavi pofuna kupeza mfiti, wosanza n'kukhala wosalakwa, wofa n'kukhala mfiti, mpaka lamulo la 1911 linaletsa mchitidwewu. Mwavi unkayeza mimba ya munthu ndi kuchuluka kwa mankhwala amene wosakaniza waika, osati mlandu. Chibonga nachonso chimayeza kupirira kwa thupi. Chigawenga chozolowera ndende chikhoza kulimba usiku wonse osanena kanthu, pamene mnyamata wamantha wosalakwa avomera ndi mbama yachitatu, n'kutchulanso anzake awiri kuti ululu uleke. Apolisi akatseka fayilo, wolakwa weniweni akadali kunja ndipo palibenso womufunafuna.

Zoterezi zachitikapo ngakhale kumayiko olemera. Mu 1989 mayi wina anagwiriridwa ndi kuvulazidwa koopsa mu Central Park, mu mzinda wa New York. Anyamata 5 a zaka za pakati pa 14 ndi 16, amsinkhu wanu womwewu, anapanikizidwa ndi mafunso kwa maola ambiri mpaka ananena mawu odzilowetsa mu mlanduwo, ndipo anamangidwa. Mu 2002 munthu wina, Matias Reyes, anaulula kuti anachita yekha, ndipo kuyeza kwa DNA kunagwirizana naye. Zigamulo za anyamata aja zinafafanizidwa unyamata wawo utathera kale m'ndende.

Kuno kwathu tili ndi nkhani yopweteka kuposa pamenepa. Mu Febuluwale 2019 mnyamata wachialubino wa zaka 14 anabedwa ku Dedza, pa nthawi imene dziko lonse linali ndi mkwiyo chifukwa cha kuphedwa kwa anthu achialubino. Mmodzi mwa oganiziridwa, Buleya Lule, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Dokotala Charles Dzamalala atayeza thupi lake anapeza kuti anafa ndi magetsi, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission litafufuza linanena kuti anazunzidwa. Mu Disembala 2024 Bwalo Lalikulu linapeza apolisi 6 olakwa pa imfa imeneyi n'kuwagamula kukakhala kundende zaka za pakati pa 15 ndi 20. Taonani zimene nkhanzazo zinabala. Lule anafa khoti lisanamupeze wolakwa kapena wosalakwa. Ngati ankadziwa kanthu za omwe amatuma anthu kuba ana achialubino, anapita nazo kumanda. Banja la mwana uja silinapindule kanthu, banja la Lule linasiyidwa pa umasiye, ndipo apolisi omwe ankayesa kuti akugwira ntchito anasanduka oimbidwa mlandu. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse ndikamaiphunzitsa, chifukwa ana achialubino ankafunika chilungamo chenicheni ndipo nkhanza zinawalanda mpata wochipeza.

Nanga bodza? Kodi wofufuza angakunamizeni kuti mnzanu waulula kale zonse, kapena kuti zala zanu zapezeka pa chitseko, pamene sizili choncho? Apa mayiko amasiyana. Ku America, pa mlandu wa Frazier mu 1969, apolisi ananamiza woganiziridwa kuti msuweni wake wavomera kale, ndipo khoti lalikulu linalola chivomerezo chake. Patapita zaka zambiri anthu ataona kuopsa kwake, dera la Illinois linaletsa mu 2021 kunamiza ana powafunsa. Ku England, pa mlandu wa Mason mu 1987, apolisi ananamiza woganiziridwa pamodzi ndi loya wake kuti chidindo cha chala chake chapezeka pa chidutswa cha botolo lomwe linayatsira moto, ndipo khoti la apilo linafafaniza chigamulocho. Kwa inu phunziro lake ndi ili: zimene wapolisi akukuuzani m'kachipinda kuti ali nazo si umboni mpaka zitaonetsedwa kukhoti. Musavomere chinthu chimene simunachite chifukwa choti mwauzidwa kuti palibenso pothawira. Ndipo lamulo lathu likunena momveka kuti chivomerezo cha munthu wina si umboni wokutsutsani inu, pokhapokha inuyo mutachivomereza kuti ndi chanu.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa zimene ndikunenazi ndi zimene zimadabwitsa ngakhale anthu ophunzira. Mwina mukuganiza kuti popeza kukakamiza n'koletsedwa, ndiye kuti mukangouza woweruza kuti munamenyedwa, sitetimenti ija aitaya osaiwerenga. M'mayiko ambiri zimatero. Kuno sizili choncho kwenikweni. M'lamulo la kazengedwe ka milandu, la Criminal Procedure and Evidence Code, lomwe linalembedwa m'zaka za m'ma 1960, muli gawo 176. Gawoli likuti khoti lilandire umboni wa chivomerezo ngakhale woimbidwa mlandu atatsutsa kuti sanachipereke mwa kufuna kwake. Likatero khoti limadzifunsa mafunso awiri: kodi mawuwa ananenadi ndi iyeyu, nanga zimene ananenazo ndi zoona? Likapanda kukhutira kotheratu pa zonse ziwiri, chivomerezocho lisachiwerengere konse. Poyeza zimenezi oweruza amayang'ana umboni wina wakunja wogwirizana ndi chivomerezocho, monga katundu wobedwa kupezekadi pamalo pomwe munthuyo anatchula.

Chitetezo chilipo pamenepa, sindikukana, koma ndi choperewera. Funso lakuti mawuwa anapezeka bwanji lasiyidwa pambuyo, ndipo wapolisi wosaleza mtima akhoza kuganiza kuti kumenya kuli ndi phindu bola zotulukazo zioneke zoona. Mu 1997, pa mlandu wa Chinthiti, Bwalo Lalikulu linanena kuti gawo 176 likusemphana ndi Malamulo oyendetsera dziko, koma Bwalo la Supreme linapitiriza kuligwiritsa ntchito pa milandu ina. Chikhalirecho dziko lathu linalowa mu 1996 m'pangano la United Nations lothana ndi kuzunza anthu, ndipo ndime 15 ya panganolo ikuti mawu opezeka pozunza munthu asagwiritsidwe ntchito ngati umboni. Mu 2022 komiti yoyang'anira panganoli inapempha dziko la Malawi kuti likonze gawoli. Maganizo anga ndi omwewo. Dzanja limodzi la lamulo silingamaletse kumenya pamene dzanja linalo likulandira zimene kumenyako kwatulutsa. Nyumba ya Malamulo inayenera kukonza gawo 176 kalekale.

Popeza zinthu zili chomwechi, chimene mungachite pa tsiku loyamba kukhoti n'chofunika kwambiri. Ngati munamenyedwa kapena kuopsezedwa, uzani majisitireti tsiku lomwelo, mabala akadali aawisi, ndipo pemphani kuti alembe komanso alamule kuti mupite kuchipatala. Lipoti la dokotala lolembedwa sabata yomweyo limalankhula mokweza kuposa madandaulo obwera patatha miyezi 8 zipsera zitapola. Achibale alembe tsiku ndi nthawi imene munthu wawo anatengedwa, polisi yomwe ali, ndi momwe anamuonera tsiku lililonse. Madandaulo angathe kupita ku Independent Complaints Commission, bungwe lomwe lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa ngakhale linadzayamba ntchito patapita zaka pafupifupi 10, ndipo lili ndi udindo wofufuza imfa kapena kuvulala kwa munthu ali m'manja mwa apolisi. Angathenso kupita ku Malawi Human Rights Commission, ndipo makhoti ali ndi mphamvu yolamula boma kupereka chipukutamisozi kwa munthu womangidwa popanda chifukwa kapena wozunzidwa.

Ambiri m'kalasi muno simunakwanitse zaka 18, ndiye pamaso pa lamulo ndinu ana, chifukwa mu 2017 Malamulo oyendetsera dziko anakweza msinkhu wa mwana kufika pamenepo. Mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu konse. Kwa inu okulirapo, lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 likuti mwana akamangidwa kholo kapena womuyang'anira adziwitsidwe mwamsanga, ndipo asasakanizidwe ndi akuluakulu m'chitolokosi. Nenani zaka zanu zenizeni poyamba pomwe, musadzikulitse chifukwa cha manyazi, ndipo musapereke sitetimenti munthu wamkulu wa kwanu asanafike.

Mlandu wa zonsezi sitingausenzetse apolisi okha. Wofufuza amene alibe mafuta a galimoto okafikira pamalo a mlandu, alibe zipangizo zoyezera zala kapena magazi, ndipo bwana wake akufuna yankho pofika mawa, amakopeka ndi njira yachidule. Ifenso anthu timamukankhira komweko. Tikagwira woganiziridwa kuba mbuzi timapita naye kupolisi tikunena kuti, "Mumuthibule aulule komwe wagulitsa," ndipo akatuluka pa belo timati apolisi adya ndalama. Timaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndi kuti kuganiziridwa mlandu sikufuna kuti ulakwe, kumangofuna munthu mmodzi wokuloza chala. Njira ina ilipo ndipo inayesedwa. Ku England lamulo la 1984 linatsegula njira yoti mafunso a apolisi azijambulidwa pa tepi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 apolisi akumeneko anayamba kuphunzitsidwa kufunsa ndi cholinga chopeza zimene zinachitika, osati chongofuna kuti munthu avomere. Mu 2021 akatswiri a mayiko osiyanasiyana, motsogozedwa ndi Juan Méndez, yemwe iye mwini anazunzidwapo m'manja mwa boma ku Argentina, anatulutsa mfundo zophunzitsa kafunsidwe kotereka. Kujambula mawu lero sikufuna makina odula, ndipo kumateteza mbali zonse: woganiziridwa samenyedwa, wapolisi wachilungamo naye sanamiziridwa kuti anamenya. Ena mwa inu mudzapita ku sukulu ya apolisi ku Kanjedza mukamaliza Folomu 4, ndipo ndikufuna mudzakhale ofufuza a mtundu umenewu.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Munthu wamangidwa Lachinayi nthawi ya 3 koloko masana, ndipo Lolemba lotsatira ndi tchuthi cha boma: lembani tsiku lomaliza limene ayenera kuonekera kukhoti, ndi chifukwa chake. Kenako mukhale pansi ndi kholo kapena agogo anu madzulo ano, muwafotokozere m'chinenero cha kwanu za ufulu wokhala chete, za maola 48, za belo yaulere, ndi za kuopsa kodinda chala pa pepala lomwe sanawerengeredwe. Mafunso amene akakufunseni inu n'kulephera kuyankha, muwalembe ndipo mubwere nawo Lachisanu.